Dizilo wa m'beseni ndi nsomba za malume

Inu owerenga, ndatopa nako kusunga nkhaniyi mumtima. Ndinapha nsomba za malume anga ndi pensulo ndi pepala.

Zinali m'zaka za chipani chimodzi, ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Likhubula. Masamu ndinkawatha, ndipo ndinkadzimva nawo. Tsiku lina m'mawa, nthawi ya chilimwe, mgolo wa dizilo unagwa pa thirakitala n'kutayikira m'damu la esiteti. Kumapeto kwa damulo kunali ngalande yopita ku dziwe la malume, momwe ankawetamo makumba. Nsombazo ndizo zinkawadyetsa chisiyireni ntchito yothyola tiyi.

Malume anabwera ali wefuwefu kudzandifunsa ngati atseke ngalandeyo. Kutseka kunafunika kusenza dothi tsiku lonse padzuwa, pomwe msana wawo unali wotha kale. Kukafunsa abwana sakanayerekeza, poti masiku amenewo wofunsafunsa ankaoneka woukira.

Ine ndinatenga beseni la madzi n'kudonthezamo supuni ya dizilo. Ndi rula ndi wotchi ndinayeza momwe mafutawo ankafalikira, mofulumira poyamba, kenako pang'onopang'ono. Ndinachulukitsa kuti zifanane ndi mgolo wathunthu, ndipo pepala linati mafuta aima pakati pa damu, ku ngalande safikako. Ndinawauza akapume, kusukulu ndinapitira zomwezi.

Masana kunatsika mphepo kuchokera kuphiri la Chambe. Inakankhira mafuta onse mbali imodzi ngati munthu akusesa, mpaka pakamwa pa ngalande. M'mawa mwake makumba anali mbuu pamwamba pa dziwe, mimba kumwamba.

Malume sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anayang'anitsitsa pepala langa lija, ngakhale kuwerenga sankadziwa, n'kufunsa motsitsa: "Iwe mwana wa mlongo wanga, m'beseni mwakomo munali mphepo?"

Dziwelo linanunkha dizilo mpaka mvula, ndipo malume mphamvu zokumba lina analibe. Anabwerera kukathyola tiyi ndi msana womwewo, dengu kumbuyo, ine ndikuwaona pawindo la ofesi tsiku ndi tsiku mpaka anagona osadzukanso.

Masamu sananame, inu owerenga. Anayankha zomwe ndinawafunsa, koma mphepo sindinaiike pa pepala. Ndakalamba tsopano, ndipo funso lija likundilemerabe. Mafuta akatayikira m'madzi, munthu n'kubwera kudzakufunsani ngati atseke ngalande, ikani pensulo pansi. Nyamulani khasu mupite naye.