Mapazi a Bambo pa Kaseti

Zipani zitangochuluka, aliyense kwathu ku Msakambewa anali ndi choti anene, ndiye ine ndinagula kamera ya vidiyo. Ndinaigula kwa wamalonda wina wa ku Dzaleka, chikamera chenicheni chosenzera paphewa, cholemera ngati mwana wa mbuzi. Ndikafika nacho pa ukwati ankandipatsa mpando ankhoswe ali chiimire, ndipo sindinakanepo.

Vuto linali lakuti anthu athu anazolowera wojambula zithunzi uja wonena kuti musagwedezeke. Ndikangoloza kamera, gule yense ankaima, ovina nkusanduka zitsa. Ndinkachita kukuwa kuti vinani, ichi chimatenga ndi mawu omwe.

Koma amene anandisowetsa mtendere ndi bambo anga. Munthu wolongolola ngati iwo sindinamuonepo, nthabwala zawo ankazidziwa mpaka ku Kasakula. Chaka chimenecho chifuwa chinali chitawagwira zolimba, ndipo ndinkaopa kuti apita ndi mawu awo onse. Ndinkafuna mawuwo akhale pa kaseti.

Ndinayesa kanayi konse. Akaona kamera ankalowa m'nyumba, nkutuluka atavala jekete ya kutchalitchi, nkuima njo, manja m'mbali, osaphethira.

"Bambo, tayankhulani."

Iwo ankangoyang'anitsitsa kamerayo.

Ndikatsitsa kamera mpamene ankapuma. "Watha? Ndaoneka bwino?"

Tsiku lina ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndinawanyengerera, iwo anakanitsitsa kuti sangajambulidwe atavala malaya ong'ambika. Ndinapsa mtima, nkutula chikameracho pansi, pa thumba, osazimitsa. Ndisaname kuti inali nzeru, ndinangoiwala. Apo ndiye pakamwa panatseguka. Anati ndinagula ng'ombe yosalima, yosakamidwanso. Anati phewa langa lapendekeka kale, ndipo palibe mkazi angalole mwamuna woyenda chammbali ngati nkhanu. Anaseka mpaka kutsokomola, nkuyambiranso.

Anamwalira fodyayo asanapite ku okushoni.

Panapita miyezi ndisanaikhudze kasetiyo. Chithunzi chake ndi mapazi okhaokha, odzaza ming'alu, ndi timasamba ta fodya tikugwa, koma mawu onse alimo. Ndinabwereka wailesi ya kanema ndi batire ya galimoto kuparishi kuti amayi anga aone. Ndinkaopa kuti ndiwaliritsa, koma amene misozi inayamba kutsika ndine. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anasendera pafupi.

"Aa, bambo ako awa! Kujambulitsa osasamba m'mapazi."

Anapukuta galasi la kanemayo ndi nsonga ya chitenje, pamene panali mapazipo.

"Tabwezanso, mwanangu."