Cheke cha Apongozi

Jalaja anakwatiwa kwa eni chigayo, m'kanjira ka kuseri kwa msika wa Tumakuru, ndipo chikwatiwire tsitsi lake silinasiyepo kununkha tsabola. Chigayocho, chogaya mawere ndi tsabola, chinali cha apongozi ake, a Nanjundappa. Mwamuna wake, Revanna, ndiye ankayendetsa makina, n'kumalandira yake mwezi ukatha. Jalaja ankasesa, kupeta mawere a makasitomala aulesi, kusoka matumba obooka, kuphikira amuna awiriwo ndiponso kuthowa miyendo ya nkhalambayo ikatupa. Anthu akafunsa, Revanna ankati mkazi wake amangokhala pakhomo.

Ukalamba utafika, dzanja la a Nanjundappa linayamba kunjenjemera. Tsiku limene dzanjalo lakhazikikako, ankasayiniratu macheke angapo opanda dzina, opanda ndalama, kuti Jalaja azidzalemba yekha pokalipira magetsi kapena wokonza makina.

Ndiye panafika Ayudha Puja, tsiku lolemekeza zida zimene munthu amadyera. Jalaja anatsuka chigayo chonse, nachipaka ufa wachikasu ndi wofiira, nachiveka maluwa. Revanna anaswa dzungu pakhomo. Patsogolo pa chithunzi cha mulungu wamkazi anayala masipanala, sikelo ndi makiyi, ndipo a Nanjundappa anaikapo buku la macheke ndi manja awo, monga ankachitira chaka chilichonse. Zoyalidwa pamenepo sizigwidwa mpaka kutacha. Chitseko chinakhala chotsegula tsiku lonse, anthu akulowa kudzalandira mpunga wokazinga ndi zotsekemera, Jalaja ali kalikiliki kukhitchini.

Kutacha, pochotsa maluwa ofota, buku lija panalibe. Munali macheke atatu osayinidwa kale.

Revanna anati lipezeka. Jalaja anafufuza m'matumba, pansi pa makina, ngakhale m'zinyalala, kenako anavala sari yoyera bwino n'kupita kubanki. Kumeneko anamuuza kuti macheke amaimitsa ndi mwini wake. Anabwerera, nanyengerera nkhalambayo mpaka inasayina kalata, napitanso nayo. Koma atatchula za polisi, a Nanjundappa anakana.

"Ndikauze apolisi kuti anthu amene adya m'manja mwanga ndi akuba? Mwanawe, pakhomo pano sitinatero."

"Sitikatchula munthu, Maava," anatero Jalaja, powaitana monga mtengwa aitanira apongozi ake aamuna. "Tikangonena kuti latayika."

Anapita yekha kupolisi. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, wapolisi akumwa tiyi wa anthu ena. Wapolisiyo atamva nkhani yake anaseka, namuitana kuti Amma, monga aitanira amayi kumeneko.

"Amma, munaliika pamaso pa mulungu wamkazi? Kamfunseni iyeyo, ndiye anali pa ulonda."

Komabe anamulembera kapepala kotsimikiza kuti buku latayika, nadinda chidindo. Jalaja anakasunga m'chitini cha ulusi.

Miyezi inapita, anthu n'kuiwala. Kenako inafika kalata ya loya. Inkati a Nanjundappa anakongola ndalama zambiri kwa Puttaswamy, wobwereketsa pa katapira wa m'dera lomwelo, ndipo cheke chimene anabwezera, banki yachikana. Akapanda kulipira msanga, akaonana kukhoti. Jalaja ankakumbukira kuti Puttaswamy anabwera tsiku lachikondwerero lija natapa mpunga kawiri. Koma anabwera ndi ambiri, ndipo iye sanaone dzanja la munthu.

A Nanjundappa anaika kalatayo pamwendo pawo. Moyo wawo wonse sanakongolepo ngakhale mchere.

"Mwanawe, ndisafe ndi dzina la ngongole. Woweruza anene ndi pakamwa pake kuti ine ndilibe mangawa."

Loya amene Jalaja anapeza, a Basavaraj, anali munthu wolankhula akuyang'ana lamya. Anati kalatayo iyankhidwe nthawi isanathe, ndipo anaiyankha. Anachenjezanso kuti siginecha ikakhala yako, khoti limayamba ndi kuganiza kuti ngongole ilipo, ndipo zili kwa iwe kusonyeza kuti palibe. Kalata ya kubanki ndi kapepala ka kupolisi anati n'zothandiza kwambiri. Anayamika Revanna chifukwa chochita zinthu mwachangu. Revanna anavomera ndi mutu.

Chisamani chitafika, maulendo anayamba. Revanna sakanatseka chigayo, choncho tsiku lililonse la mlandu Jalaja ankaphikiratu, kusambitsa nkhalambayo, kuiveka malaya oyera, kuikweza m'bajaji, kagalimoto ka matola ka mawilo atatu, ndipo kukhoti ankaikokera pamasitepe itamukolowekera dzanja paphewa. Ankadikira m'khonde pakati pa anthu onyamula mapepala ngati iwo. Dzina likaitanidwa ankalowa, n'kumva kuti woweruza ali patchuthi, kapena loya wa mnzawo wadwala, kapena wakubanki sanabwere. Ankapatsidwa tsiku lina. Akafika kunyumba ankapeza mbale zikumudikira.

Puttaswamy sankaphonya. Ankakhala pansi pa mtengo akutafuna masamba a tambula, moni ali nawo.

"Mlongo, akulemera kapena akupepuka madalawa? Muthyoka msana chifukwa cha kanthu kochepa. Mundipatse theka, tiiwale."

Chaka chachiwiri chili mkati, Revanna anatopa, ngakhale kukhoti anali atapondako kamodzi kokha. Anati ndalama zopatsa loya ndi za bajaji zikukwana theka lomwelo. Polankhula, maso ake anali pa mkanda wagolide wa m'khosi mwa Jalaja. Jalaja anaulowetsa m'kati mwa bulawuzi, nati akafunse bambo ake kaye. Revanna sanakafunse.

Wakubanki anabwera m'chaka chachitatu, natsimikiza kuti macheke anaimitsidwa kale kwambiri, tsiku limene Puttaswamy ankati anabwereketsa ndalama lisanafike. A Basavaraj anatuluka akumwetulira, nati kwatsala kuti mbali zonse zimange mfundo, chigamulo chituluke. Pobwerera a Nanjundappa anapempha kuti aime pogulitsa madzi a nzimbe. Anamwa theka, otsalawo napatsa Jalaja.

Tsiku lotsatira la mlandu woweruza anali atasamutsidwa, ndipo watsopano anafuna nthawi yowerenga. Mvula itayamba, a Nanjundappa anagwidwa chifuwa. Anamwalira masana, chigayo chikulira, Jalaja akuwapukuta pakamwa.

Mwambo wa maliro utatha, ananyamula chikalata cha imfa kupita nacho kwa loya. A Basavaraj anapepesa, nati mlandu wotere umatha woimbidwayo akamwalira. Sipadzakhalanso kukwera masitepe. Puttaswamy atafuna angayese njira ina, koma ndi umboni wa kubanki uja sangayerekeze.

"Nanga woweruza sanganeneko mawu amodzi, bwana? Kuti analibe ngongole?"

"Amma, khoti siliweruza akufa. Pitani mukapume."

Revanna atamva anapuma mozama, nati Mulungu wawachotsera katundu. Chigayo chinalembedwa m'dzina lake.

Patapita sabata zingapo, Jalaja akupima mawere, anamva amayi awiri pamzere akunong'onezana kuti nkhalamba ija inali ndi mwayi, inafa isanalipire. Anaika chitini chopimira pansi.

"Analibe ngongole," anatero. "Wakubanki ananena, ine ndinalipo."

Amayiwo anavomera mwaulemu, monga anthu avomerera wofedwa, ndipo wina anamufunsa ngati angamupetereko mawere ake, popeza munali timiyala. Jalaja anatenga lichero.