Mkazi Amene Ankati Amawotcha Galimoto

Tsiku limene galimoto ya kasitomala inayaka moto pabwalo la mpikisano, kunja kwa mzinda wa Coimbatore, Valarmathi anali ndi zaka 33. Zaka 17 mwa zimenezo anazithera akuwotcherera zitsulo m'galaja ya bambo ake. Inu amene thukuta lanu linadyedwa ndi wina, kapena munasenzetsedwa mlandu wa eni, tcherani khutu.

Mwini galimotoyo, mwana wa mpondamatiki wina wa fakitale ya nsalu, anatuluka wamoyo koma nsidze zitapserera. Anthu anaunjikana. Utsi usanathe n'komwe, Ilangovan, mchimwene wake wamkulu wa Valarmathi, anali atapeza kale womuloza chala.

"Ndi uyu! Paipi sanaiwotcherere bwino. Ntchito ya chikazi ndi imeneyi."

"Anna," anatero Valarmathi, mawu a kwawoko otanthauza achimwene, monga ankamutchulira mkulu wakeyo chiyambire, "si inu munaika kapaipi ka petulo kotchipa kaja moyandikana ndi ekizozi? Ndinakuletsani Lachiwiri lomweli."

Mbama ya Ilangovan inalira pa tsaya la mlongo wakeyo ngati thabwa lathyoka. Panali amuna oposa makumi anayi, madalaivala ndi amakaniko, ndipo ambiri mwa iwo ankayendetsa galimoto zokhala ndi mapaipi opangidwa ndi manja a mkazi yemweyo. Palibe anatsegula pakamwa.

Galaja ija anaiyamba ndi bambo awo, a Palanisamy. Kumeneko anyamata okonda liwiro ankabweretsa galimoto zawo kuti aziwonjezere ukali: kuzitsitsa masipulingi, kuzimangira mabuleki akuluakulu, kuzisintha ekizozi. Chimene chinatchukitsa galajayo chinali mapaipi anayi otulutsa utsi m'injini, opindidwa bwino, otalika mofanana ndendende, n'kukakumana pamodzi. Mapaipi akalingana choncho injini imapuma momasuka ndipo galimoto imauluka. Luso limeneli a Palanisamy anayesa kumuphunzitsa mwana wawo wamwamuna, koma linakalowa m'manja mwa wamkazi.

Bambowo atafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kumangika, Ilangovan anatenga galaja. Valarmathi ankapinda ndi kuwotcherera kuchipinda cha kuseri, mchimwene wake n'kumamata timapepala ta zilembo za Chijapani pa mapaipiwo, n'kumauza makasitomala kuti abwera pa sitima. Amuna atatu anabwera kudzafunsira Valarmathi. Onse anabwezedwa, ati galaja ingagwe.

Madzulo a tsiku la moto lija, amayi ake anamulongedzera okha zovala.

"Amma, mukudziwa kuti si ine."

"Ndikudziwa kapena sindikudziwa, zikusintha chiyani? Dzina la mchimwene wako likaipa tidya chiyani? Iwe pita kaye, zizizire."

Bambo ake anali pampando pakhonde. Anamuyang'ana akudutsa ndi chikwama, milomo ikunjenjemera, koma mawu osatuluka. Mpaka lero Valarmathi sadziwa ngati ankafuna kumuitana kapena kumutukwana.

Sizinazizire. Nkhani inayenda galaja ndi galaja kuti kuli mkazi wowotcha galimoto za anthu. Kulikonse kumene ankapita kukapempha ntchito ankamulandira ndi nthabwala yomweyo, akumutchula kuti Akka, kutanthauza achemwali.

"Akka, mwabwera? Dikirani kaye tiyitane ozimitsa moto!"

Mapeto ake anapeza ntchito pa kafakitale kopanga mapampu a madzi, kuwotcherera miyendo ya pampu, mwendo womwewomwewo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Manja amene ankadziwa kupinda chitsulo ngati bango tsopano ankagwira ntchito yoti aliyense akhoza kuiphunzira pa sabata imodzi. Anachita lendi kachipinda ka malata ku Ganapathy, dera lina la mumzindamo. Galimoto yamkokomo ikadutsa pamsewu, khutu lake linkazindikira lokha kuti mapaipi awo ndi ake.

Chaka chathunthu anangokhala ndi mkwiyo. Musanamizidwe kuti anthu olimba mtima sakhala ndi chidani. Valarmathi anali nacho, chochuluka. Kungoti tsiku lina anatopa ndi kuchisunga chopanda ntchito.

Kumalo ogulitsira zitsulo zakutha anapezako mapaipi osachita dzimbiri, otayidwa ndi fakitale ina ya mkaka. Anawanyamula pamutu maulendo atatu. Kapitawo wa pa fakitale ya mapampu anamulola kugwiritsa ntchito makina Lamlungu, bola azisesa malo onse ogwirira ntchito akamaliza. Patatha miyezi iwiri anali ndi mapaipi anayi onyezimira, okongola kuposa onse amene anapangapo.

Koma wovomera kuwaika pa galimoto yake anasowa. Anayenda kwa madalaivala khumi ndi mmodzi. Ena anaseka, ena anamupatsa khofi mwaulemu n'kumuperekeza pageti. Wina anawatembenuza mapaipiwo, kuwasisita, n'kunena kuti, "Ntchito ndi yabwino zedi. Mwaba kuti?"

Wa khumi ndi chiwiri anali a Devassy, bambo wa imvi wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, amene ankapikisana nawo ndi kagalimoto kakale koyera. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankamaliza kumapeto, moti anzawo ankati ntchito yawo ndi yotseka geti.

"Ndamva za inu," anatero a Devassy akutafuna nthochi yokazinga. "Akuti mumawotcha galimoto."

"Akutero."

"Yangayi mukaiwotcha, mkazi wanga akuphikirani phwando. Mangani."

Mapaipi oyambawo anang'aluka atangozungulira bwalo kasanu. Chitsulo chinali chitapyapyala kale pamalo opindika, ndipo Valarmathi sanaone. Galimoto inabwerera ikulira ngati thirakitala, anthu a m'mbali akugwa ndi phwete. Ilangovan anali pomwepo, atapinda manja, akumwetulira.

Achiwiri sanang'aluke, koma anawatalikitsa mopitirira muyeso. Galimoto inkanyamuka mwaukali, koma ikafika pamsewu wowongoka inkafooka. A Devassy anamalizanso kumapeto. Apa panalibe wonamizira. Cholakwa chinali chake, ndipo chinamupweteka kuposa mbama ija.

"Bambo, ndakuchititsani manyazi kawiri. Bwezeretsani ekizozi yanu yakale."

"Manyazi? Mayi, ine manyazi ndinawamaliza kalekale. Koma pokhota paja galimoto inandikankha pamsana, chinthu chimene sichinachitikepo. Chilipo chimene mukuchidziwa. Pitani mukachipeze."

Anabwerera. Ankadula, kuyeza ndi chingwe, kudzaza mchenga m'paipi kuti isaphwanyike popinda, kuwotcherera, kutaya, kuyambiranso. Ma Lamlungu khumi ndi anayi anatha choncho. Maso anafiira, zala zinadzaza zipsera.

Ali mkati mwa ntchito imeneyi, bambo ake anamwalira. Uthenga anaumva kwa wogulitsa maluwa, mwambo utatha kale. Atathamangira kunyumba, Ilangovan anamuimitsa pakhomo.

"Ukufuna chiyani? Unawapha kale ndi manyazi."

Valarmathi anatembenuka. Anabwerera ku Ganapathy wapansi. Lamlungu lotsatira anali pa makina, misozi ikuyenderera mkati mwa chigoba chotchingira maso.

Mapaipi achitatu atamangidwa, a Devassy anapita ndi galimoto pa makina oyezera mphamvu ya injini. Kale inkaonetsa 92. Tsiku limenelo inaonetsa 104. Mwini makinawo anawazimitsa n'kuyezanso, poganiza kuti awonongeka.

Pampikisano wotsatira, kagalimoto koyera kaja kanamaliza pa nambala 3, patsogolo pa galimoto zinayi zochokera m'galaja ya Ilangovan. Amakaniko anathamangira kukatsegula boneti.

"Amalume, izi mwaitanitsa ku Japan?"

"Japan wake ndi uyo wakhala pa tayala apoyo," anatero a Devassy. "Pitani mukamupatse moni. Koma samalani, amawotcha."

Amene anaseka anali ochepa. Ambiri anayang'ana pansi. Mmodzi wa iwo, mkulu wa amakaniko amene analipo tsiku la moto lija, anamuyandikira Valarmathi n'kunong'ona.

"Akka, ife tonse tinkadziwa kuti vuto linali kapaipi ka petulo. Tinakaona."

"Munakaona?"

"Eya, koma nkhani za m'banja, mukudziwa..."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa bodza lenilenilo. Zaka zitatu akuyenda ndi dzina loipa, pomwe choonadi chinali m'matumba mwa anthu, achisunga ngati mpango.

Maoda anayamba kubwera, poyamba amodziamodzi, kenaka ochokera ku Chennai, ku Bangalore mpaka ku Kochi. Anasiya ntchito ya mapampu n'kutsegula galaja yakeyake. Lero ali ndi antchito asanu ndi anayi, asanu ndi mmodzi mwa iwo akazi amene anawaphunzitsa yekha. Wofuna mapaipi ake amadikira miyezi iwiri, ndipo amadikiradi.

Galaja ya bambo ake inatsekedwa. Popanda manja a kuchipinda cha kuseri, mapaipi a Ilangovan anayamba kung'aluka, makasitomala n'kubalalika.

Tsiku lina masana amayi ake anatulukira pagalaja ya Valarmathi, atakalamba, atanyamula chakudya m'kambale. Valarmathi anathamangira kukawalandira. Anaganiza kuti mawu amene anawadikira zaka zonsezi afika. Anawapatsa mpando, nazimitsa makina onse.

"Mwanawe, Mulungu wakudalitsa," anayamba amayiwo. "Tsono mchimwene wako akungokhala. Malo ngati ano amafunika mwamuna woyang'anira. Umuike akhale bwana, iwe uzipanga zitsulo zakozo monga kale. Chibale ndi fupa, sichiwola."



"Amma, mwabwera ndi zimenezi basi?"

"Nanga ukufuna ndinenenso chiyani?"

"Palibe. Kawauzeni anna kuti ntchito ilipo. Aliyense pano amayambira kupala zitsulo, ndipo timayamba 8 koloko. Wowaphunzitsa ndi Kanimozhi uyo wavala magalasiyo."

"Mwana wanga wamwamuna aziphunzitsidwa ndi mkazi?"

"Anadyetsedwa ndi mkazi zaka 17. Sanadandaulepo."

Amayiwo ananyamuka ndi kambale kawo osakatsegula. Lolemba Valarmathi anaika magolovesi atsopano pa tebulo lopalira zitsulo. Magolovesiwo anakhala pamenepo sabata yathunthu. Ilangovan sanabwere, ndipo mpaka lero sanapepese.

Abale anga, ndikanakonda kukuuzani kuti onse amene anamulakwira anagwada. Sizinatero, ndipo mwina kwa inunso sizidzatero. Alipo anthu amene adzapita kumanda atakumbatira bodza limene anakunenerani. Mukati mudikire kupepesa kwawo kuti muyambe kukhala moyo, mudzakalamba muli pakhomo pawo. Angakulandeni malo, dzina, ngakhale maliro a kholo lanu, koma chimene manja anu akudziwa sangachilongedze m'chikwama. Lirani ngati kukuwawa, kwiyani ngati mwakwiya, koma kukacha bwererani pa ntchito yanu. Yoyamba ikang'aluka, pangani yachiwiri. Yachiwiri ikakanika, yachitatu ikukudikirani. Mtima wanuwo musautaye, ndi chida chokhacho chimene sichigulidwa kusitolo.