Benchi ya Panja pa Zenera

Lilian, telala wa pa Mitundu, anthu amamutcha mkazi wouma mtima, ndipo dzinali analipata chifukwa cha benchi.

Mwamuna wake, Chipulumutso, anabadwa ndi thupi losatha kudziteteza ku matenda. Chimfine chimene ena amachira pa masiku atatu, iye chimamugoneka mwezi wathunthu, mpaka mapapo ake anawonongeka. Dokotala anauza Lilian kuti kumayiko akunja munthu wotere amamuika mapapo ena pamodzi ndi mafuta a m'mafupa, zonse zochokera kwa munthu mmodzi womwalira. "Kuno zimenezo kulibe, mayi. Inu muzingomutalikitsa kwa anthu otsokomola."

Nanga matenda kuno amabisika? Loweruka lina kunatulukira amayi asanu a mpingo ochokera ku Nathenje, kwawo kwa mwamunayo, kudzazonda wodwala. Atatu ankatsokomola asanalonjeredwe n'komwe. Lilian anakoka benchi n'kuiika panja pa zenera, iye n'kuima pakhomo, sizasi ili m'manja.

"Mlongo wanga yemwe ndim'pempherere pazenera ngati wam'ndende?" anafunsa mlamu wake wa Lilian, mmodzi mwa amayiwo, uku akumina.

Lilian anabwerezanso mawu a dokotala, kachisanu chaka chimenecho. Amayiwo anangonong'onezana kuti Lilian anam'dyetsa mankhwala mwamunayo, n'chifukwa chake akumubisa.

"Nenani zimene munganene, alamu," anatero Lilian. "Chaka chatha munalowa, munaimba bwino ndithu, ine n'kukagona naye m'chipatala milungu isanu ndekhandekha. Tsiku la maliro ake mudzalowa nonse. Lero Mulungu akumverani panja pomwepo."