Mtanda Wolembedwa Dzina la Wamoyo

Ntchito yanga ndi penti ndi burashi. Zikwangwani za magolosale, mayina a mabasi, mitanda ya kumanda, zambiri muno m'tauni ya Consuelo zinadutsa m'manja mwa ine Eusebio, ndipo sindinaphonyepo chilembo. Koma pali mtanda umodzi umene ndinalembapo bodza ndikudziwa. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Mlongo wanga Nereida anabereka ana awiri okha, onse aamuna: Dauri wamkulu, Yeudi wamng'ono, kusiyana zaka zitatu. Bambo awo anathawa kalekale, ndipo musandifunse za munthu ameneyo chifukwa ndingatukwane. Anawo anakula ndi nthochi zokazinga zimene mayi awo ankagulitsa pageti ya fakitale ya shuga.

Dauri anayamba besibolo, mpira womenya ndi ndodo, akadali ndi mamina. Malo ake anali kumalire kwa bwalo, kumene munthu amaima yekhayekha kudikira mpira womenyedwa kutali kuti authamangire n'kuuwakha usanagwe pansi. Mwana ameneyu akangomva ndodo yalira, ankatembenuka n'kuliyatsa liwiro osayang'ana m'mwamba, n'kukaima pamene mpirawo ukagwere ngati anapangana nawo. Chimene chinamugwetsa ndi thupi. Matimu a ku America amasainira ana a zaka 16, ndipo pa zaka zimenezo Dauri anali wowonda ngati bango. Azungu osaka osewera, mawotchi ali m'manja, anabwera, anamuyang'ana, n'kupita. Chaka chomwecho Yeudi anagwidwa ndi dengue, matenda a udzudzu aja. Masiku anayi okha, mwana watisiya ali ndi zaka 13. Mtanda wake ndinalemba ndine. Kuboma sitinakanene, pakuti kwathu kuno ndani amakwera basi kukalembetsa maliro a mwana?

Thupi lija linadzabwera mochedwa. Pofika zaka 19 mapewa anatambasuka, ndipo akaumenya mpira unkakagwera m'munda wa nzimbe. Koma pa ntchito imeneyi munthu wa zaka 19 ndi nkhalamba. Palibe ankamuyang'ananso, moti anayamba kudula nzimbe ngati agogo ake.

Lamulungu lina masana ndili kwa Nereida kunabwera Chicho, mmodzi wa anthu aja amasaka ana aluso, kuwaphunzitsa, n'kukawagulitsa ku matimu. Anafika ndi thumba la mpunga ndi nkhuku yamoyo. Munthu akakubweretsera nkhuku usanamuitane, dziwa kuti pali nkhani.

"Mayi, ine sindizungulira," anatero Chicho. "Mwana wanuyu ndi golide, koma wakalamba. Komatu m'sutikesi mwanumo muli kalata ya kubadwa ya mwana wa zaka 16, ikungodyedwa ndi njenjete."

Nereida anafunsa: "Mukunena mwana wanga ali kumanda uja?"

"Nanga iyeyo akuifunanso chiyani kalatayo? Akalembetsa nayo sukulu?"

Ine magazi anakwera. Ndinanyamula chitini cha penti kuti ndimuphwanye nacho chipumi, koma nditayang'ana Dauri ndinaona kuti wangoti zyoli, akuyang'ana zikhatho zake zong'ambika ndi masamba a nzimbe. Sanakane. Apo ndinadziwa kuti awiriwa anagwirizana kale, ndipo chitini chija ndinachibwezera pansi.

Chicho anafotokoza zonse ngati akuwerenga mitengo ya pamsika. A ligi amatumiza wofufuza. Amapita kusukulu, kutchalitchi, amafunsa anthu oyandikana nawo, amayeza magazi kuti aone ngati mayi ndi mwana ali amodzi. "Magazi satigwira, mayi ndi mmodzi yemweyo. Kusukulu ndithana nako ndekha. Koma amapitanso kumanda, a Eusebio. Akakapeza Yeudi wagona pansi pamene ife tikuti Yeudi ndi uyu, tonse tapsa. Mtanda uja ndi ntchito yanu."

"Kulemba dzina la munthu wamoyo pamtanda n'kumuitanira imfa," anatero Nereida.

Dauri anagwada pamaso pa mayi ake. "Amayi, n'zakanthawi chabe. Tsiku limene ndidzaponde ligi yaikulu, malume adzabwezeretsa dzina la Yeudi. Ndalumbira."

M'mawa mwake ndinapita kumanda. Ndinapaka penti yoyera kawiri mpaka dzina la mwana uja linazimirira, kenako n'kulemba ndi yakuda: DAURI BALBUENA, ndi tsiku lake lobadwa lenileni. Zilembo zinatuluka zowongoka bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinandinyansa kwambiri.

Mzere wonse wa nyumba zathu unaphunzira kumutchula Dauri kuti Yeudi. Palibe amene anadabwa, chifukwa banja lililonse kuno lili ndi wachibale amene anabadwa kawiri pamapepala. Wovutika anali mayi wake. Ankayeserera akukazinga nthochi, lilime n'kumaterereka. Wofufuza atabwera, bambo waulemu wa kabuku m'manja, Nereida anayankha mafunso onse osaphonya ngakhale limodzi. Munthuyo atachoka, anadzitsekera m'chipinda masiku awiri osadya.

Timu ina ya ku America inamusainira. Anayamba kaye ku kampu ya timuyo kufupi ndi likulu, kenako anakwera ndege. Musaganize kuti munthu akafika ku America ndiye kuti wafika. Pansi pa ligi yaikulu pali timaligi tingapo, makwerero okhaokha, ndipo ambiri amagwa pa loyamba. Dauri anatha zaka zisanu ndi ziwiri m'timatauni timene ine sindingathe kulemba mayina ake pachikwangwani, kugona m'mabasi, kusewera pachisanu zala zitachita dzanzi. Anatumiza malata a nyumba ndi firiji. Pafoni mayi ake akangoyamba kuti "Dau..." iye ankadula msanga: "Amayi, Yeudi. Pali anthu pano."

Chaka chachinayi anathamangira mpira mpaka kukadziwomba pakhoma la bwalo, phewa n'kuthyoka. Nereida anafika kwanga opanda nsapato.

"Achimwene, ndi mtanda uja! Ukumuitana! Tiyeni tikafufute lero lomwe!"

"Tikafufuta ndiye kuti tamuthyola phewa linalo," ndinatero. Ndikanatinso chiyani? Ndinali ndi burashi, ndinali ndi penti, manda ali pamtunda wa mphindi khumi, koma manja anali omangika. Tinangokhala pakhonde awiriwiri kusowa pogwira.

Chaka chilichonse pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa, anthu amakonza manda a abale awo. Ine ndinkabwereza zilembo zija, Nereida n'kuyatsa makandulo awiri. Ndinamufunsa kuti lachiwirilo n'la ndani. Anati loyamba n'la amene wagona pansiyo, lachiwiri n'lopempha imfa kuti ikamadutsa isawerenge.

Uthenga unafika mwezi wa Ogasiti: amuitana ku ligi yaikulu. Masewera ake oyamba anali Lamulungu masana, ndipo tonse tinadzaza m'golosale ya pakona pamene pali wailesi yakanema yaikulu. Ngakhale madoda osewera domino anasiya kumenya tebulo. Chakumapeto wina anaumenya mpira wautali, ndipo tinaona mwana wathu akutembenuka, kuthamanga osayang'ana m'mwamba monga ankachitira kubwalo la fumbi lija, kudumpha pakhoma, n'kutsika nawo mpira m'golovesi. Golosale inagwedezeka! Wina anandithira mowa m'khosi, ndipo sindinakwiye. Kenako Dauri anavula chipewa n'kuloza kumwamba, ndipo wolengeza anati: "Yeudi Balbuena, zaka 23, amasewera pokumbukira mkulu wake Dauri amene anamwalira ali ndi zaka 16."

Phokoso linadukiza pang'ono, anthu n'kuyang'anana, kenako linayambiranso. Nereida sanamve n'komwe zimenezo, kapena sanafune kumva. Anandikoka malaya, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana. "Achimwene, wafika. Mawa m'mawa."

Lolemba dzuwa lisanakwere anali kale pakhomo panga ndi timazitini tiwiri tatsopano ta penti, yoyera ndi yakuda, togula yekha. Tikutseka chitseko foni yake inalira, ndipo anaikweza kuti nanenso ndimve.

"Amayi, munaona?"

"Ndinaona, mwanawe. Pano tili panjira ndi amalume ako, tikupita kwa mng'ono wako."

Dauri anati: "Amayi, musapite. Lachisanu kukubwera a wailesi yakanema. Akufuna akajambule kumanda, inuyo mulipo."

"Unalumbira."

"Ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti ndikafika pamwamba palibe adzafunsenso. Koma pano ndiye aliyense akundiyang'ana. Zikadziwika andiimitsa, andilanda chitupa cholowera kuno, ndiye kuti kwatha. Nkhani ya Dauri anandifunsa okha, anaipeza m'mapepala a wofufuza uja. Ndikanayankha chiyani? Dikirani ndidzapume mpira."

"Liti?"

"Zaka khumi, mwina, Mulungu akalola."

"Ine ndidzakhalapo?"

Ndinamulanda foni mlongo wanga, mawu otukwana ali kale pamilomo. Koma ndinamva chimunthu chachikulu chija chikulira ngati khanda. "Malume, nanenso ndatopa nalo dzinali. Dzulo bwalo lonse limakuwa kuti Yeudi, Yeudi, ine ndimangoona nkhope yake." Kalanga ine, munthu wotere ungamutukwane poyambira pati? Ndinangoti, "Sewera bwino, mphwanga," n'kudula.

Lachinayi ndinapita ndekha kumanda. Penti imene Nereida anagula kuti tibwezere dzina la Yeudi ndi imene ndinabwerezera nayo dzina la Dauri, kuti liwoneke bwino pakanema.

Anafika Lachisanu cha m'ma teni, galimoto yoyera, amuna awiri a makamera ndi mtsikana wofunsa mafunso. Anali mwana wabwino ndithu, anamugwira dzanja Nereida n'kumupepesa za maliro a zaka khumi zapitazo. Anamuimika pambali pa mtanda, n'kumupempha kuti asunthe pang'ono kuti asatseke zilembo.

"Mayi, tiuzeni. Dauri anali mwana wotani?"

Liwu limodzi lokha, zaka zisanu ndi ziwiri za m'mabasi zija zikanathera pamenepo. Nereida anayang'ana mtanda, n'kuyang'ana dothi.

"Anali womvera," anatero. "Anali wowonda. Ankakonda mpira kuposa chakudya."

"Nanga Yeudi, mukumunyadira bwanji lero?"

Nereida misozi inangoyamba kutsika. Wa kamera anayandikira, ndipo mtsikana uja anati zakwana, zatuluka bwino kwambiri.

Galimoto itapita tinatsala awiri. Nereida anagwada, nayamba kuzula timaudzu tapamanda ndi zala, kamodzikamodzi.

"Achimwene," anatero osandiyang'ana, "wina ndamuika m'manda pamaso pa dziko lonse akadali moyo. Winayu wagona apa, ndipo palibe ngakhale kathabwa konena kuti anakhalapo. Ndinabereka awiri ine. Ndiitane uti kuti andiyankhe?"

Ndinatola timazitini tija timene ndinasiya pamenepo dzulo lake, n'kumudzutsa, tinayamba kubwerera. Penti yoyera inatsala yambiri, ndipo Nereida anakana kuti ndikagwiritse ntchito kwina. Ili pansi pa bedi lake mpaka lero. Sindinamuuze kuti penti ikatsekulidwa sitha zaka khumi isanaume.