Lenzi Yaitali ya Alamu Anga

Alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, anabwera kuchokera ku Kitwe ndi nsapato zosongoka, kamera, ndi pakamwa posatopa. Kumeneko ankanyamula mbale mu hotela, koma mukanawamva akuyankhula pamudzi pathu paja, kufupi ndi Champhira, mukanati migodi yonse ya ku Zambia ndi yawo. Kamerayo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Nzeru zogwiritsira ntchito mzunguyo anapita nazo.

Ine ndine wa ku Kasungu, ku Mzimba ndinapita ndi ukwati. Amuna anga ananyamuka kupita ku Joni ine ndili ndi pakati, ndipo mwana wathu, wamkazi, anabadwa iwo ali kumigodi. Atayamba kukwawa, bambo wina wochokera komweko anatipatsa uthenga wapakamwa: bambo a mwana akuti muwatumizire chithunzi, aone nkhope ya mwana wawo. Sanapemphe china chilichonse.

Pa boma panali munthu wojambula anthu pakhonde la sitolo, atapachika nsalu yakuda pakhoma. Ndinauza apongozi anga aakazi kuti ndingopita kumeneko ndi mwanayo, zithe. Alamu atamva anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Yayi, alamu, ameneuja ndi wojambula zitupa chabe. Mwana wa akulu anga akaime pansalu yakuda ngati mkaidi? Mbwenu ine ndabwereranji?"

Apongozi aamuna anavomereza ndi mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Anagwirizana kuti tikajambulidwe banja lonse ku chionetsero cha zaulimi pa boma, kumene tinamva kuti chaka chimenecho kubwera makatungwe ndi mahatchi a matabwa ozungulira.

Kamerayo inali ndi magalasi akutsogolo ochotsa ndi kubwezera, amene eni ake ankawatchula kuti malenzi. Ina inali yaifupi ngati kapu, inayo yaitali ngati botolo. Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, alamu anaziyala pa mphasa, mudzi wonse utaunjikana, n'kumatilola kusuzumira mmodzimmodzi, koma osakhudza ndi manja athu a kumunda. Mu yaifupi ndinaona bwalo lonse, nkhokwe, ana ndi mbuzi. Mu yaitali ndinaona khutu la mbuzi, lalikulu ngati tsamba la fodya, basi.

Ndinati, "Alamu, ife tilipo ambiri. Bwanji osatenga yaifupiyi, kapena kutenga zonse?"

"Yaifupi ndi ya ana asukulu, alamu. Iyi imakoka munthu ali kutali chomene. Azungu a nyuzipepala amayenda ndi iyi."

Chikwama chokwana zonse chinalipo. Koma chikwama chimabisa katundu, ndipo alamu sanabwere kudzabisa kanthu. Iwo ankafuna kuti chimbotolo chija chilendewere pachifuwa, boma lonse litembenuke. Yaifupi anaitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumangirira pa lamba, ngati kuti pamudzipo pali wina amene ankaisirira.

Tinakwera lole pa Jenda m'mawa. Pageti la chionetsero anyamata a chipani ankafunsa makhadi, tinaonetsa, tinalowa. M'katimo munali fumbi, ng'ombe zosambitsidwa, chimanga choyalidwa pamathebulo, ndi amuna ovina ingoma. Mahatchi aja analipodi, opakidwa utoto wofiira, ndipo ankazungulira chifukwa amuna awiri ankakankha mtengo pakati pake, thukuta lili kamukamu. Ana a m'banja mwathu anakwera, kukuwa konse. Mwana wanga hatchi iliyonse ikadutsa ankatambasula manja, n'kumaseka ndi timano take tam'munsi. Nthawi yojambula inali imeneyo, ndipo wojambula panalibe.

Anali atatisiya pamthunzi. Ndinkawaona chapatali atagwada bondo limodzi, akuloza chimbotolo chawo ku nkhunzi imene inapambana. Atathana ndi nkhunzi anatembenukira kwa mtsikana wina wogulitsa matikiti a katungwe. Anamujambula akuseka, anamujambula akukonza duku, anamujambula akunamizira kuti sakufuna kujambulidwa. Munthu wamkulu wandevu, watumidwa ntchito ya akulu ake, akuvinira mtsikana wa matikiti. Apongozi aakazi anachita kukawagwira malaya dzuwa litapendeka.

"Osadandaula, amama," anatero. "Filimu ikadalipo."

Ku Mzimbako mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzi, saima pafupi ndi apongozi ake aamuna. Ukafuna kuyankhula nawo umagwada poteropo. Ine anandiphunzitsa sabata yomwe ndinafika, koma alamu anabadwira m'mwambowo, ankaudziwa kuposa ine. Ndiye pojambulitsa apongozi aamuna anakhala pampando kutsogolo kwa mahatchi, chipewa pabondo, ana atawazungulira, apongozi aakazi chapambali. Ine ndinaima kumapeto uko, pakati pathu pali mpata woti ngolo n'kudutsa, mwana nditamusendezera pachiuno m'nsalu kuti nkhope ione kutsogolo. Mmene timakhalira tsiku lililonse ndi mmenemo, ndipo munthu amene anasankha lenzi dzulo lake ankadziwa kuti tidzaima choncho.

Alamu anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo. Anasuzumiranso, n'kubwereranso. Anapitirira chafutambuyo mpaka msana unagunda mpanda wa khola la ng'ombe za chionetsero, nsapato zosongoka zija zili m'ndowe. Ali kumeneko anayamba kufuula kuti dziko lonse limve.

"Alamu, senderani kwa adada! Senderani chomene!"

Anthu anaima kuti aonerere. Ndinayang'ana apongozi aakazi, iwo anayang'ana pansi. Apongozi aamuna anangoti maso kutsogolo ngati sakumva. Ndinasendera pang'ono, mmene mkamwana angathere pamaso pa gulu lonselo, nkhope ikundiyaka ndi manyazi. Kenaka ndinakweza mawu, zimene sindinkachita apongozi alipo.

"Alamu, mukatha mundijambule ndekha ndi mwanayu."

"Mbwenu, pambuyo, pambuyo."

Popeza anaima kutali choncho, pakati pathu panasanduka njira. Amayi osenza madengu ankadutsa, wanjinga anadutsa, alamu akuwathamangitsa ndi dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Pomaliza anadina. Anayesa kukoka kachitsulo kosendezera filimu, kanakana. Anayesanso, kanakananso. Anabwera akupukuta nsapato paudzu, akumwetulira ngati munthu amene wagwira ntchito yaikulu.

"Yatha. Koma mwalowa nonse, alamu, ndakukokani bwino."

Ndinapempha kuti tidzere pakhonde la sitolo paja. Lole inali itayamba kale kuliza hutala, ndipo apongozi aamuna anati chithunzi chajambulidwa kale, china n'cha chiyani.

Zithunzi zinakatsukidwa ku Mzuzu, zinabwera patapita milungu. Nkhunzi inatuluka bwino kwambiri, mpaka mphuno yake yonyowa. Mtsikana wa matikiti anatuluka kambirimbiri, mano onse pamtunda. Chathu chija munali apongozi aamuna kuyambira pachipumi kufika m'mabondo, mutu wa hatchi, phewa la munthu wina wodutsa, ndipo m'mphepete mwenimweni kanthu kotuwa kosadziwika bwino. Ine munalibe. Mwana munalibe.

Alamu anachitembenuza uku ndi uku, n'kundipatsira.

"Vuto ndi inu, alamu. Munaima kutali."

Zimene zinali pakamwa panga mkamwana sanena. Ndinanyansidwa nawo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinasiye. Munthu wopusa wodziwa kupusa kwake umamumvera chisoni, koma awa kupusa kwawo ankakupachika pachifuwa kuti anthu akuone.

Analonjeza kuti abwera ndi filimu ina pa Khirisimasi, n'kubwerera ku Kitwe ndi kamera yawo. Ndinapemphanso kupita ku boma ndekha. Anandiuza kuti ndidikire, tisachititse manyazi mwana wa pakhomo pokajambulitsa kwa mlendo, komanso kumunda kukudikira kusosa. Ndinadikira.

Nthawi ya dzuwa lotentha m'midzi mwathu munalowa chikuku. Mwana wanga anadwala, tinathamangira naye kuchipatala, sizinatheke. Tinamuika mvula yoyamba isanagwe.

Alamu anabweradi pa Khirisimasi. Kamera anali atasinthanitsa ndi wailesi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani chomene, alamu, ndipo dzuwa lisanapendeke anali kale pabwalo akuuza anthu kuti wailesi yawo imakoka mawu mpaka a ku Ulaya.

Amuna anga anabwera chaka chotsatira. Atachoka kumanda anakhala pakhonde, kenaka anafunsa za chithunzi chimene anamva kuti chinajambulidwa ku chionetsero. Sitinawatumizire, popeza munalibe choti aone. Ndinakachitenga m'nyumba, ndinagwada, ndinawapatsa.

Anayang'ana bambo awo, anayang'ana hatchi. Kenaka anachiyandikiza kumaso, chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono mpaka chinaima m'mphepete, pa kanthu kotuwa kaja.

"Aka ndi kaphazi kake?"

Inali mfundo ya nsalu yanga. Ndinati inde, ndi kaphazi kake. Anachipukuta ndi chikhatho, n'kuchiika m'thumba lapachifuwa.