Tinakumba Manda ku Mayo

Anandilanda maliro a bambo anga. Ine ndi mayi tinali m'gulu la anthu opempha malo m'dziko la Ireland, ndipo tinauzidwa kuti ukangotuluka m'dzikomo, nkhani yako yathera pomwepo. Bambo anamwalira ku Dedza ife tili m'chipinda cha hotelo ku Citywest. Maliro ndinaonera pafoni imene ananyamula msuweni wanga, netiweki ikudukaduka. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo chitabwerera anthu anali akubalalika kale. Ine, mwana wamwamuna yekhayo, sindinaponye dothi.

Koleji ya ku Drumcondra imene ndinkaphunzirako ndinaisiya mwezi womwewo. Ndinalibe mtima womvera mphunzitsi akundiuza za mitsinje ndi mapiri a chilumba chimene chinanditsekera ngati mbuzi m'khola. Musandifunse ngati ndimadandaula. Funso limenelo ndinatopa nalo.

Atandilola kugwira ntchito ndinalowa m'nyumba yosamalira okalamba ku Santry, pafupi ndi bwalo la ndege. Tsiku lonse ndege zinkadutsa padenga kupita kumene ine sindikanatha kupita. Kumeneko ndinapatsidwa mdala wina amene anzanga onse ankamuthawa. Ankalavula mankhwala, ankatukwana manesi, ankaponya supuni. Tinagwirizana msanga, chifukwa nanenso sindinyengerera munthu.

Kwawo kunali ku Mayo, kumadzulo kwenikweni, kumene dziko limathera m'nyanja yamchere. Anachokako ali mnyamata, n'kukwera sitima kupita ku England kukakumba misewu ndi ngalande. Anabwerera msana utapindika, wopanda mkazi, wopanda mwana, n'kuthera mu Dublin.

"Kwanuko kuli chiyani, madala?" ndinamufunsa tsiku lina ndikumumeta ndevu.

"Miyala, mvula ndi nkhosa. Kwanu?"

"Fodya. Timagulitsa kunja."

"Muli bwino. Ife tinkatumiza kunja ana athu."

Anandiuza za njala imene inagwa kwawoko kalekale mbatatesi itaola m'minda, anthu akufa m'mbali mwa misewu pamene sitima zinkanyamula chakudya kupita kwa atsamunda. Ndinamuuza kuti atsamunda athu anali omwewo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndiye ndife pachibale, kungoti ine ndinapsa ndi dzuwa, iye anasuluka ndi mvula.

Chinthu chimodzi ankabwereza: "Iwe mnyamata, asadzandiwotche. Asadzandisiyenso muno mu Dublin pakati pa alendo. Ndikagone ndi mayi anga."

Anamwalira m'nyengo yozizira. Wachibale yekha amene anapezeka anali mdzukulu wa mlongo wake, mayi wina wa ku Australia amene sanamuonepo. Iyeyo anati mtembo uwotchedwe, phulusa adzaona chochita. Ndinapita kwa manijala wathu n'kumuuza zimene mdalayo ankafuna.

"Si m'bale wako," anatero manijala.

"Ndikudziwa. Matewera ake ankasintha ndani, m'bale wakeyo?"

Pamapeto pake analola kuti ndilankhule ndi mayi wa ku Australia uja muofesi momwemo. Mayiyo sanali woipa. Anati ndalama za maliro mdalayo anasunga yekha, ndipo ngati kumudzi angamulandire, iye sakukana.

Ndinaimbira wansembe wa kumudzi kwa mdalayo. Anati malo alipo, koma kumeneko manda sakumba ndi makina, ndiponso sakumba achibale. Amakumba oyandikana nyumba, ndi manja. Ndinangoti mumtima, amenewo ndiye adzukulu, ngati kwathu. Vuto linali lakuti oyandikana nyumbawo onse ndi okalamba. Anyamata anapita ku Dublin kumakampani a makompyuta, ena ku Canada.

"Manja ndibweretsa ine," ndinamuuza.

Ndinatenga anyamata awiri a ku Malawi okhala ku Citywest, ndi bambo wina wa ku Zambia, wamapemphero kwambiri, amene timagwira naye shifiti imodzi ndipo ali ndi galimoto. Tinanyamuka m'mamawa. Tinadutsa zigwa zobiriwira za ng'ombe zonenepa, tinawoloka mtsinje wa Shannon, kenaka dziko linasintha. Kunayamba madambo akuda kumene anthu amadula dothi n'kuliumitsa kuti aziotha ngati nkhuni, timinda tating'ono totchingidwa ndi mipanda ya miyala, nyumba zopanda madenga. Zimene ndinakana kumvera m'kalasi zinali pawindo.

Kumanda tinapeza madala atatu atatsamira mafosholo, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja. Wamkulu wao, wachipewa chaubweya, anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu achibale a malemu?"

"Kodi sitikufanana?" ndinamuyankha.

Anaseka, n'kundipatsa piki. Kenaka anatilozera pokumba. Panali mwala wolembedwa dzina la mayi wa mdala uja.

"Apa pali munthu kale," anatero mmodzi wa anyamata anga.

"Inde, mayi ake. Kumbani."

Tinayang'anana. Kwathu wofukula manda timamudziwa dzina lake. Komabe tinayamba. Dothi linali lolemera, lodzaza miyala, mvula ikutinyowetsa pang'onopang'ono. Titafika chakuya, fosholo ya bambo wa ku Zambia inagunda thabwa lofumbwa, ndipo pambali pake panaoneka fupa. Anatuluka m'dzenjemo ngati waponda moto.

"Iwe mufana, nakana! Ni mfiti chabe zichita so. Sininabwelele izi ine!"

Anyamata aja nawonso anakwera kumtunda. M'dzenje ndinatsala ndekha. Sindinama, ndinkafuna kuthawa.

Mdala wachipewa anagwada m'mphepete mwa manda, mawondo akulira, n'kunditambasulira nsalu yoyera.

"Ika apa, mwana wanga, modekha. Tiwabwezera pansi pomwepo. Kuno dothi lokumbika n'lochepa, banja limagona malo amodzi. Mayiyu anadikira mwana wake nthawi yaitali."

Ndinakumbukira mawu aja, ndikagone ndi mayi anga. Ine ndinkayesa akutanthauza pafupi. Ankatanthauza pomwepo, ngati mwana wobwerera kumsana. Ndinatola fupalo ndi manja awiri, monga timalandirira chinthu kwa wamkulu, n'kuliika pansalupo.

"Akulu," ndinaitana bambo wa ku Zambia, "mfiti imabwera ndi wansembe masana ngati ano? Tsikani timalize, mtembo uli m'njira."

Anang'ung'udza, anapemphera kaye mokweza m'Chinyanja chake, kenaka anatsika. Anyamata aja anachita manyazi, nawonso anatsika. Titamaliza, madala aja anagoneka fosholo ziwiri mopingasa pamwamba pa dzenje ngati mtanda, n'kutulutsa botolo la wisiki. Wamapemphero uja ndiye anali woyamba kumwa.

Imfayo inali italengezedwa pawailesi ya m'deralo, monga amachitira kumeneko. Ndinkayembekezera anthu ochepa. Anabwera mudzi wonse, ena pandodo, ena pathalakitala, kudzaika munthu amene ambiri anangomumva dzina. Anandandalika n'kumatigwira chanza mmodzimmodzi, kutipepesa ife, ngati ndife anamfedwa. Mayi wina wokalamba anandigwira tsaya n'kunena kuti ndabweretsa mwana wao kunyumba.

Tinatsitsa bokosi ndi zingwe. Wansembe atamaliza, mdala wachipewa anandikankha ndi chigongono.

"Yamba ndiwe."

Ndinatapa dothi ndi dzanja, lozizira, lakuda, n'kuliponya. Ndinamva kulira kwake pabokosi. Palibe chithunzi chimene chinaima. Tinakwirira tokha mpaka pamwamba, ndipo tinaimba nyimbo ya maliro ya kwathu, iwo akungovomera ndi mitu.

Tinabwerera ku Dublin matope mpaka m'mawondo. Manijala anandifunsa ngati zinayenda bwino, ndinati munthu wagona kwawo. Mdala uja sanawotchedwe, ndipo amene anaonetsetsa zimenezo ndine, wosiya sukulu wosintha matewera.

Koma musaganize kuti tathana ndi chilumbachi. Ine ndinachiikira munthu wake. Mapepala anga sanatulukebe, ndipo ku Dedza kuli manda amene sindinawaone. Dziko lino lili ndi ngongole yanga: dothi lodzaza dzanja limodzi, pamanda a bambo anga.